Ndamaliza Dark Lover, koma Wrath yekhayo ayi

Dark Lover ya J.R. Ward, buku la 2005 lomwe linatsegulira nkhani za Black Dagger Brotherhood, yandisiya pakatikati.

Pomwe mayiyu anagwira ntchito ndi pa mavampaya akewo. Sakhalira kusaka anthu m'misewu, amamwana magazi okhaokha, mwamuna kwa mkazi, mkazi kwa mwamuna. Ndiye Beth Randall, mtolankhani wa ku Caldwell, New York, sakudziwa kuti bambo ake, Darius, anali vampaya, komanso kuti thupi lake likayamba kusintha afa ngati sapeza mwamuna womumwetsa magazi. Apa chikondi chili ndi phata. Adani awo, ma lesser, amanunkhira paudala wa makanda. Chigawenga chonunkhira ngati khanda longosamba kumene! Ndinaseka, kenako tsitsi linandiima.

Koma Wrath, mfumu ya mavampaya yosaona bwino, abale inu. Beth wangopulumuka kumene kwa anyamata ofuna kumugwiririra, iye uyo watulukira m'nyumba mwake usiku osaodira, ndipo pasanathe masiku ali pabedi limodzi. Mlembi akufuna tiziti ndi mphamvu ya chikoka. Ine zimenezo sindinazimeze. Nsanje yakenso ndi yoti mng'ono wanga atabwera ndi mwamuna wotere, ndingaitanitse ankhoswe tsiku lomwelo.

Zakuchipindazo n'zotentha ndithu, musawerengere mu minibasi, woyandikana naye amasuzumira. Kungoti pofika kachitatu ndinayamba kudumpha masamba kufunafuna Butch, wapolisi wa m'bukuli.

Amene munawerenga buku lotsatira, Lover Eternal, Rhage wa m'menemo nayenso ndi wotere?