Nati ya pa Kilanki ndi Amakaniko a Tchizulo

Njinga zamoto zambiri za kabaza zimene zimayenda pakati pa Benga, boma la Nkhotakota ndi Dwangwa zili ndi mainjini opangidwa ku China motsanzira Honda CG125, injini imene inayamba kugulitsidwa mu 1975, ndipo mmisiri wodziwa bwino injini imeneyi savutika ndi dzina lililonse lolembedwa pa thanki. Mkati mwa chivundikiro cha kumanja muli chimene mabuku amatcha primary drive, kutanthauza magiya awiri amene amalandira mphamvu kuchokera ku kilanki, chitsulo chozunguzidwa ndi pisitoni, n'kuipereka ku kilatchi. Giya yaing'ono imalowa pa mano a kilanki, kutsogolo kwake kumakhala kabeseni kosefa oyilo, ndipo zonse ziwiri zimagwidwa ndi nati imodzi yobulungira, yokhala ndi mipata inayi m'malo mwa ngodya.

Nati imeneyi ikakhwefuka giya imasewera pa mano a kilanki, ndipo kumamveka kugogoda kumanja kwa injini makamaka woyendetsa akamawonjezera kapena kuchepetsa moto. Eni njinga amakonda kuloza chala maenje a msewu wa M5, mchenga wa kumadoko, kapena matumba a mpunga ndi madengu a usipa amene amasenzetsa njinga, koma mlembi wa nkhaniyi, amene wakalambira pa ntchitoyi, amaona kuti nthawi zambiri vuto limayambira m'manja mwa munthu amene anatsekula injiniyo komaliza. Kilatchi siituluka kabeseni kali pamalo pake, choncho aliyense wofuna kuichotsa amadzera pa natiyi, ndipo amakaniko a pansi pa mtengo wa mango, amene zida zawo zonse zimakwana m'jumbo, amaimasula ndi kuimanga pomenya tchizulo ndi hamala. Nati yomangidwa motero imaoneka yolimba tsiku limenelo, koma mipata yake imaphwanyika, tizidutswa ta chitsulo timagwera mu oyilo, ndipo palibe amene angadziwe ngati yamangidwa mokwanira.

Kukhetsa oyilo ndi kuchotsa chivundikiro ndi ntchito ya wophunzira. Luso lili pa kuimitsa kilanki kuti isazungulire pamodzi ndi sipanala, ndipo apa mmisiri weniweni amasunga kachidutswa ka mkuwa kapena aluminiyamu kamene amakalowetsa pamene mano a magiya awiriwa amakumana, pamwamba pomasula ndi pansi pomanga, kuti magiyawo akalume n'kuima. Mkuwa ndi wofewa kuposa mano a giya, motero ndi umene umafinyika, pamene sikuludilaiva kapena bawuti imene ena amaponyapo imabenthula dzino, ndipo dzino lobenthuka limalira mpaka tsiku limene giya idzasinthidwe. Mphunzitsi wa mlembiyu, bambo wachikulire amene ankakonza njinga za alangizi a zaulimi kalelo kabaza wa njinga zamoto asanabwere, ankapwamantha paipi yakale ya mkuwa n'kudula tizidutswa timene ankasunga m'kachitini ka fodya, ndipo kachidutswa kakafinyika kwambiri sankakataya koma ankakasulanso. Wophunzira ankatha miyezi akutsuka zitsulo mu palafini asanaloledwe kugwira kachitini kameneka. Sipanala ya mano anayi yogwirira natiyi bamboyo anaipanga yekha posema boksi sipanala ndi tupa, ankaikulunga m'nsalu ya oyilo chifukwa chinyezi cha kunyanja chimadyetsa zitsulo dzimbiri msanga, ndipo ngakhale m'bale wake sankamubwereka. Ophunzira ake sanalandire pepala lililonse, ndipo bungwe la maphunziro a ntchito zamanja la TEVETA linakhazikitsidwa mu 1999 iye atafooka kale maso, koma zimene ankaphunzitsa pa natiyi ndi zomwezo zimene zili m'mabuku.

Pansi pa nati pamakhala washa amene si wathyathyathya koma wopindika ngati kambale, ndipo ntchito yake ndi kukankha nati nthawi zonse kuti kunjenjemera kwa injini kusaibweze. Washa weniweni amakhala ndi mawu akuti OUT SIDE, ndipo mbali yolembedwayo ndi imene imayang'ana kunja. Akatembenuzidwa, kapena akaphwa mpaka kugona bwinobwino pagalasi, sagwiranso ntchito, ndipo ayenera kusinthidwa ngakhale mwini njinga atadandaula chotani. Asanamange, mmisiri amatulutsa giya ndi kuona mano a kilanki ndi mazinga ake: ngati nsonga za mano zayamba kusongoka kapena giya ikugwedezeka ikabwezedwa ndi dzanja, kumanga nati kokha sikungathandize. Amapalanso matope akuda amene amaunjikana m'kabeseni, popeza kabeseniko kamasefa oyilo pozungulira mwamphamvu n'kuponyera zinyalala m'mbali. Mabuku a mainjini amtunduwu amatchula mphamvu yomangira ya pafupifupi 50 Nm, imene imadziwika ndi sipanala yoyezera, chida chodula chimene magalaja ambiri a kunyanja alibe.

Zonsezi zimadya nthawi, gasiketi yatsopano ndi lita ya oyilo, ndipo apa ndi pamene mkangano umayambira. Kuyambira pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zipangizo yakhala ikukwera, koma wa kabaza, amene ayenera kupereka ndalama ya tsiku kwa mwini njinga madzulo aliwonse, amafuna njinga ituluke dzuwa lisanafike paliwombo, amapempha kuti oyilo wakale abwezedwe, ndipo amakumbutsa mmisiri kuti mnyamata wa kumsika amatchaja theka. Ena amalonjeza kudzalipira usipa ukagwa, n'kuyamba kudzera njira ina. Dandaulo lawo ndi lomveka, koma masamu awo ndi olakwika, chifukwa nati ndi washa ndi zina mwa zitsulo zotsika mtengo kwambiri mu injini yonse, pamene kilanki yodyeka mano imafuna kuti injini itsitsidwe, ing'ambidwe pakati, ndipo njinga imagona masiku kudikira chitsulo chochokera ku Lilongwe. Mwini njinga asanalole aliyense kutsekula chivundikiro cha kumanja, ayambe wapempha kuona sipanala ya mano anayi, ndipo akamutulutsira tchizulo, akankhe njinga yake apite kwina.