Mfuu ya Mwana M'mapiri a Ntchisi ndi Dowa

M'mwezi wa Julaye, chimanga chitalowa kale m'nkhokwe, ndinanyamuka kukachezera magulu athu a amayi a kumapiri. Ndinatsika basi pa Mponela ndi kukwera galimoto ina yopita ku boma la Ntchisi. Kuchokera pamenepo inali njinga ya kabaza, ndipo njingayo italephera chitunda, unali ulendo wa pansi, mtolo pamutu.

Amayi anzanga a m'tauni, dziko limeneli ndi lokongola koma ndi lovuta. Nyumba zili apo ndi apo, ina pamsana pa phiri, ina kutsidya kwa chigwa. Mumaona utsi wa mnansi wanu bwinobwino, koma kuti mukafike pakhomo pake mutsike kaye mpaka kumtsinje, mukwerenso. Chimene chimawoloka msanga ndi mawu. Ndinamva mayi wina akuitana mnzake wa kutsidya kuti abweze sefa, ndipo yankho linafika ine ndisanatule mtolo.

Madzulo ake, tikuwotha moto, amayi apampando a gulu la m'mudzimo anandisimbira zimene zinachitika chaka chapitacho. Agogo ena odwala khunyu anatsala pakhomo ndi mdzukulu wa zaka zisanu, ena onse atapita kudimba. Matenda anawagwira ali pafupi ndi mafuwa, mwendo n'kugwera pamoto. Mwanayo anathamangadi kupita kwa anansi. Atafika anapeza abambo atatu akucheza pakhonde. Iye anagwada chapatali monga anaphunzitsidwira, nadikira kuti akuluakulu amalize kulankhula. Pamene anamufunsa, anayankha motsitsa mawu kuti, "Agogo akukuitanani." Abambowo anapita mosafulumira. Agogowo anachira atagona m'chipatala nthawi yaitali, koma mpaka lero amayenda ndi ndodo.

Usiku umenewo sindinagone bwino. Mwanayo sanalakwe kanthu. Ndife amene timati mwana asakweze mawu, asadule akulu pakamwa, asathamangire pabwalo pamene pali alendo. Mwambo umenewu ndi wabwino, inenso ndinalera anga chomwecho. Koma ndani mwa ife anakhalapo pansi ndi kumuuza mwana kuti lilipo tsiku limene ulemu wotere uyenera kuyamba wadikira?

Pamwamba pa mudziwo pali nkhalango ya Ntchisi, ya mitengo italiitali yosayoyola masamba, kumene kukacha bwino munthu amaona nyanja cha ku Nkhotakota. Akuluakulu amati makolo ankabisala mmenemo pa nthawi ya nkhondo za Angoni. Masiku amenewo mwana wokhala chete ndiye ankapulumutsa mudzi. Ngozi za lero ndi zina: moto wa m'khitchini, chitsime cha kudimba chosatseka, njoka m'nkhuni, mayi wapakati amene wayamba kutaya magazi abambo ali ku msika wa fodya. Zonsezi zimafuna phokoso.

Kutacha tinasonkhanitsa ana aang'ono pansi pa mkuyu. Tinawaphunzitsa kuti akaona munthu wagwa ndipo sakuyankha, atuluke panja, aime pamtunda, akuwe ndi mphamvu zawo zonse, kenaka athamange. Kulira kokha sikukwanira, pakuti mwana akamalira anthu amangoti wamenyedwa ndi mnzake. Atchule chimene chachitika: "Thandizeni! Agogo agwera pamoto!" Tinawauzanso kuti asalowe m'chitsime kutsata mnzawo, ndiponso asabwerere m'nyumba imene ikuyaka. Mayi aliyense anamutchulira mwana wake makomo awiri othamangirako, poti khomo loyamba akhoza kulipeza lotseka. Ana ena anachita manyazi kwambiri, mawu osatuluka, mpaka agogo awo eni atawauza kuti, "Kuwa mdzukulu wanga, ndakuloleza ine."

Patapita masiku atatu ndinabwerera ku Dowa, ku midzi ya kufupi ndi Mvera, kumene mishoni inayamba m'chaka cha 1889. Mapiri ake ndi a miyala, ndipo mavuto ake ndi omwewo. Kumeneko amayi anandionetsa chimene ine ndinaiwala. Tinafunsa ana kuti mayi wawo ndani, ndipo ambiri anangoti, "Ndi amayi." Ochenjerapo anati, "Ndi Naphiri," chonsecho pagulu lathu lokhalo panali a Naphiri anayi. Mwana wotere akafika pamsewu kuimitsa wa njinga kapena wa ngolo, adzamulondolera kuti? Tsono tinayamba kuwabwerezetsa dzina lawo, dzina la bambo kapena mayi, ndi dzina la mudzi, monga amabwerezera kuwerenga kusukulu.

Za lamya za m'manja tinakambirananso, poti nyumba zambiri tsopano zili nazo. Amayi ena alemba ndi khala pakhoma nambala ya mlangizi wa zaumoyo ndi ya mnansi amene ali ndi njinga yamoto. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri akhoza kuphunzira kuimba, akasonyezedwanso chulu kapena kamtunda kamene lamya imagwira, chifukwa m'zigwa muno imakana. Ana okulirapo tinawaloweza pamtima nambala ya 116, imene bungwe la YONECO limayankha ndipo kuimba kwake ndi kwaulere. Imeneyi ndi ya mwana amene akuzunzidwa kapena kuchitidwa zoipa ndi munthu wamkulu, si yoitanira galimoto ya chipatala ayi.

Chimodzi tinalakwitsa ku Mvera. Tinayamba kuyeseza mfuu osadziwitsa a mfumu. Kamtsikana kena kanakuwa bwino zedi kuti, "Moto! Moto kwathu!" ndipo posakhalitsa tinaona abambo asanu akukwera chitunda kuchokera kudimba, wina ndi ndowa, wina ndi khasu, thukuta lili kamukamu. Tinagwada ndi kupepesa, ndipo anawo tinawauza pomwepo kuti mfuu imeneyi si ya masewera. Mmodzi wa abambowo anakhala pansi kuti apume, namufunsa mtsikanayo kuti ndi mwana wa yani. Iye anatchula dzina la amayi ake ndi la mudzi wake, osaphonya.