Mng'oma wa Atate

Kuseli kwa nyumba yathu ku Chelstone, pakati pa mtengo wa mango ndi mpanda, kunali ming'oma iwiri ya njuchi. Umodzi tinkautcha wa kutchalitchi, chifukwa njuchi zake tinazichotsa padenga la tchalitchi china anthu atafuna kuziwotcha ndi petulo. Winawo unali wa atate. Anaukhometsa kwa kalipentala wa ku Kalingalinga, napaka phula mkati, ndipo njuchi zinalowamo zokha ine ndili Giredi 9. Anzanga ankaseka, amati njuchi n'za ku Mwinilunga kumene ming'oma ya makungwa imapachikidwa m'nkhalango, osati za pa yadi ya m'tauni. Koma uchi ukabwera ankafika ndi mabotolo.

Atate anamwalira mu March 2024, chaka cha chilala chija chimene boma linalengeza pa 29 February kuti ndi tsoka la dziko lonse. Ambiri amakumbukira chimanga chouma ndi magetsi ozima tsiku lathunthu. Ine ndimakumbukiranso njuchi zathu zitaunjikana pa mpope wa aneba, ndi mayi wa pamenepo akukuwa pampanda kuti mwana wake walumidwa. Ndinaika beseni la madzi ndi timiyala pafupi ndi ming'oma, nkhaniyo inatha. Koma ming'omayo sindinaitsegule mpaka July. Ndinalibe mtima.

Nditatsegula wa atate, ndinadziwa ndisanayang'ane n'komwe, chifukwa zisa zinali zopepuka m'manja. Ziwiri zakumbuyo zinali zitadyedwa ndi mbozi za phula. Ana a njuchi anali apa ndi apo, ngati munda umene mbewa zafukula mbewu. Mfumukazi inalipo, koma yokalamba. Njuchi yogwira ntchito imakhala ndi moyo pafupifupi milungu 6 chabe ntchito ikachuluka, choncho mfumukazi ikaleka kuikira bwino, mng'oma umatha mwakachetechete, ngati mudzi umene achinyamata onse apita ku Lusaka. Wa kutchalitchi, mamita 7 kuchokera pamenepo, unali kulira ngati injini.

Ndinayamba kuzipatsa madzi a shuga. Amalume, amene anabwera kuchokera ku Katete kudzalondola za penshoni yawo, anandipeza ndikusungunula shuga m'kapu.

"Mphwanga, izi sizifuna shuga. Zifuna mayi wina. Uziphatikize na zinzake."

"Amalume, sitingazisiye chabe tione?"

"Uzisiye. Pofika September uzapeza bokosi na mbozi. Njuchi zathu sizikhala pamaliro, zithawa."

Ananena zoona. Njuchi za kuno zikaona kuti zinthu zavuta zimanyamuka zonse, osatsanzika. Chimene sanafulumire kundiuza n'chakuti mng'oma umodzi sukhala ndi mafumukazi awiri. Imodzi iyenera kufa, ndipo palibe wanzeru amene angaphe yachitsikana n'kusiya nkhalamba.

Kuphatikiza si kungokhuthulira njuchi izi mwa zinzake ngati nyemba. Mng'oma uliwonse uli ndi fungo lake, ndipo alonda a pakhomo amanunkhiza aliyense wolowa. Wafungo lachilendo ndi mbala, amaphedwa pomwepo. Njuchi zimadziwanso malo a nyumba yawo kuposa nyumbayo. Ukasuntha mng'oma kamodzi n'kamodzi, zimabwerera pamalo akale n'kumazungulira m'malere mpaka kutopa. Ndiye kwa masiku 8, madzulo aliwonse, ine ndi amalume tinkanyamula mng'oma wa atate n'kuusendeza pang'ono, osakwana mita imodzi, mpaka unakhala phewa ndi phewa ndi unzake. Amama ankatiyang'ana pawindo la kukhitchini osanena kanthu.

Tsiku lachisanu ndi chinayi ndinafunafuna mfumukazi. Ndinaipeza pa chisa chachinayi, yaitali, mapiko othothoka m'mphepete, ikuyenda mosafulumira pakati pa ana ake. Sindikudziwa ngati inali yomwe ija inalowa ndili Giredi 9. Mwina ayi, zimasinthana. Koma m'mutu mwanga inali yomweyo, imene atate anandionetsa ndi kansonga ka udzu, akundiuza kuti ndisapumire pa zisa. Ndinaiika m'bokosi la machisi. Pa YouTube azungu amati uiike mufiriji, ifa ngati yagona. Firiji yathu inali itazima kuyambira mbandakucha. Ndinakhala pa njerwa ndi bokosilo m'manja kwa nthawi yaitali, amalume akusuzumira kumbali ngati akuwerenga mango amene anali asanabale n'komwe. Pomaliza ndinaifinya ndi chala chachikulu. Zinatenga kanthawi kochepa kwambiri, mpaka ndinakwiya.

Tinazisiya usiku ndi usana zopanda mayi, kuti fungo lake lizilale. Madzulo amenewo mng'oma unkalira mosiyana, kulira kwapamwamba kosakhazikika. Amene anasungapo njuchi amakudziwa.

M'mawa mwake ndinakwera basi kupita m'tauni, ndipo pobwerera ndinagula Zambia Daily Mail pa Cairo Road. Sindinaiwerenge. Ndinkafuna pepala limodzi lokha, ndipo ndinasankha la matenda a boma, aja oitana makampani kuti apikisane, chifukwa palibe amene akanalifuna kunyumba. Ndinalicheka ndi lezala malo atatu, timing'alu tating'ono tolowa fungo koma osati njuchi. Dzuwa litalowa tinauza aneba kuti atseke mawindo ndi kulowetsa nkhuku. Tinayatsa mathireyi a mazira kuti apange utsi, ndipo tochi ya foni ndinaikulunga ndi pulasitiki yofiira, popeza njuchi siziona bwino kuwala kofiira koma koyera zimakuthamangira.

Mwayi wake ming'oma yonse inali ya kalipentala mmodzi, timatabwa tapamwamba tofanana, mamilimita 32 m'lifupi. Tinaimika pepalalo mkati mwa mng'oma wa kutchalitchi ngati chipupa, kumbuyo kwa chisa chomaliza, n'kulimata m'mbali. Kenako tinasamutsa zisa zisanu za atate, chimodzichimodzi, njuchi zili pomwepo, n'kuziika kuseli kwa pepala. Ndinalumidwa kanayi, kamodzi m'khosi. Amalume, amene anavala jekete ya suti ndi chipewa chabe, sanalumidwe, ndipo akhala akundikumbutsa zimenezi pa foni mpaka lero.

Ntchito yotsala inali ya njuchi. Zimatafuna pepalalo mbali zonse ziwiri, ndipo pofika poti zikumane, fungo lasakanikirana kale, palibe wodziwa mlendo. Tsiku lachitatu ndinapeza nyenyeswa za pepala pansi pa khomo, zotuwa ngati gaga. Ndinagwada n'kuwerenga njuchi zakufa. Zinali 14. Ndinkayembekeza mulu.

Jakaranda itachita maluwa mu October, mng'omawo unadzaza mpaka kumbuyo. Mu December tinakolola zisa zisanu ndi chimodzi, uchi woyamba kuchokera pamene atate anapita. Amama analawa ndi supuni ataimirira, n'kufunsa kuti, "Uyu ni wa njuchi ziti?" Ndinati sindingadziwe. Anagwedeza mutu n'kutenga botolo limodzi kupita nalo kwa aneba aja a mpope.

Bokosi la atate ndinalipala, ndinaliwaula mkati ndi moto kuti mazira a mbozi afe, n'kulipakanso phula monga ankachitira eni ake. Lili pa mphanda ya mango. Nyerere zinayesa kulowamo, ndinapaka oilo wakale wa galimoto pa waya. Mlungu watha ndinaona njuchi zitatu zikulowa ndi kutuluka pakhomo pake, zikuyendera ngati anthu ofuna nyumba ya lendi.