Wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale akhale kompyuta

Ndine mphunzitsi wopuma ntchito ndipo ndimakhala kufupi ndi doko la Kachulu, m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa. Amayi ogulitsa matemba ndi milamba m'mudzi mwathu adandisankha kukhala mlembi wa banki mkhonde yawo, ati aphunzitsi salakwitsa masamu. Chaka chatha ndidawagwiritsa fuwa lamoto, ndipo ndi zimene ndikufuna ndikufotokozereni.

Mwana wa mchemwali wanga, yemwe adaphunzira za makompyuta ku Zomba, adandisiyira laputopu yakale yomwe ndimatchajira ku sola. Adaikamo Emacs, pulogalamu yaulere yolembera yomwe Richard Stallman adayamba kukonza mu 1984. Ubwino wake ngwakuti mwini wake atha kuiwonjezera luso polemba malangizo m'chinenero cha Emacs Lisp. Mnyamatayo adandithandiza kulemba malangizo owerengera ngongole ndi chiwongoladzanja cha membala aliyense.

Malangizowa amakhala m'fayilo yothera ndi .el, yomwe munthu atha kuwerenga. Mukapereka lamulo lakuti byte-compile-file, Emacs imawasandutsa bytecode n'kuwasunga m'fayilo ina yothera ndi .elc, yomwe makina amaiyendetsa mwachangu. Zili ngati mpunga: wina ngwamankhusu, wina ngopuntha kale, wongodikira mphika. Popunthapo, Emacs imapetanso. Ikaona chokayikitsa, monga dzina lomwe simudalitchule kale, imangochenjeza koma ntchito n'kuimaliza. Ikapeza cholakwika chenicheni imaimira pomwepo, osatulutsa .elc yatsopano.

Nsomba zitayamba kusowa, gulu lidagwirizana zotsitsa chiwongoladzanja. Usiku umenewo ndidasintha nambala m'fayilo ija, koma mosadziwa ndidafufutanso bulaketi imodzi yotsekera. Nditapereka lamulo, pansi padatuluka mawu akuti "End of file during parsing", kutanthauza kuti fayilo yatha chikhalirecho pali bulaketi yosatseka. Batire idali itatsala pang'ono kutha, tulo tili m'maso. Ndidangoti zachizungu za makina izi, n'kutseka.

Chomwe sindinkadziwa n'chakuti .elc yakale idatsala pamalo pake, ndipo Emacs ikapeza mafayilo onse awiri imasankha .elc ngakhale ikhale yakalekale. Miyezi yonse yotsatira ndinkawerengera amayi aja chiwongoladzanja chomwe tidachikana kale.

Tsiku logawana ndalama mu Disembala, mayi wina wamasiye, yemwe amasunga ziwerengero zake m'kope la mwana wasukulu, adaimika dzanja.

"Aphunzitsi, pepani, koma ngongole yangayi mwaiwerengera mtengo wakale."

"Mayi, kompyuta sinama," ndidayankha modzikuza.

Sadakangane nane. Adangondipatsa kope lija. Nditawerengera pamanja, thukuta lidanditsika. Adali olondola, ndipo ndalama zomwe akadataya zinali za fetereza wa chaka chimenecho. Kugawana kudaima, ena n'kuyamba kunong'onezana kuti mlembi wadyapo.

Madzulo ndidaimbira foni mnyamata uja. Adaseka pang'ono n'kunena kuti, "Malume, kompyutatu idakuuzani, inu simudawerenge." Adandilangiza kupereka lamulo la check-parens, lomwe lidandilozera pomwe padasowa bulaketi. Nditakonza, .elc yatsopano idatuluka. Adandiuzanso kuti ndiike load-prefer-newer pa t, kuti Emacs izitenga fayilo yomwe yasinthidwa posachedwa. Ndidachezera usiku wonse kuwerengeranso ngongole za aliyense, ndipo m'mawa ndidapepesa pamaso pa gulu, kuyambira kwa mayi uja.

Ife a ku Chilwa machenjezo timawadziwa. Nyanja yathu isadaphwe mu 1995 ndi mu 2018, madzi adayamba abwerera pang'onopang'ono, mabwato n'kumakocheza kutali ndi doko. Amene adaona msanga adakonzeka. Ndikudabwa kuti ine, wokulira pano, ndidanyoza chenjezo lolembedwa pamaso panga chifukwa chongoti lidabwera m'Chingerezi.

Masiku ano sinditseka laputopu ndisadawerenge zonse za pa Compile-Log, pomwe Emacs imalemba madandaulo ake, ndipo mawu ondivuta ndimafunsa. Kwa alembi anzanga a magulu amene mwayamba kudalira mafoni ndi makompyuta, ndikuti makina akakutsinani khutu imani kaye muwerenge. Kope lapamanja musalitayenso. Kwathu kuno gulu lidasankha mayi wamasiye uja kuti azitsimikiza ziwerengero zanga tisadagawane, ndipo ine ndidali woyamba kuvomereza.