Nkhope za Dziko Losaoneka: Zaka 50 za Mkangano wa Zithunzi

Nthano za malupanga ndi matsenga, zija mumapezeka zinjoka zolavula moto, amatsenga ndi ankhondo osaka chuma m'mapanga, zimakamba za dziko limene palibe munthu analiponda. Komabe buku lililonse limafuna chikuto, ndipo sewero lililonse limafuna chithunzi pabokosi. Wina wake ayenera kugamula kukula kwa chinjoka, chovala cha wankhondo ndi mtundu wa khungu lake. Munthu amene anabadwa cha m'ma 1970 waona chigamulo chimenechi chikusintha kangapo asanamere imvi, ndipo nthawi iliyonse chikasintha, okonda nthanozi amakangana ngati walandidwa malo ndi iwowo. Chasintha kwambiri si luso la ojambula ayi, koma ntchito ya chithunzi. Kale chinkangotsegula khomo kuti maganizo a munthu alowe. Lero chimamuuza zonse mpaka mabatani a malaya.

Masewero a RPG, momwe wosewera amatenga mbali ya munthu wa m'nthano n'kumamulankhulira ndi kumusankhira zochita, anayamba ndi Dungeons & Dragons. Gary Gygax ndi Dave Arneson analitulutsa mu 1974 kudzera mu kampani ya TSR ya ku Lake Geneva, m'chigawo cha Wisconsin ku America. Linali timabuku titatu m'kabokosi, ndipo poyamba anasindikiza makope 1,000 okha. Sewerolo limachitikira pakamwa: mmodzi amafotokoza dziko, enawo amanena zimene akuchita, madayisi n'kugamula zotsatira. N'chimodzimodzi nthano ya madzulo pamoto, pamene mwana aliyense amadzipangira fisi wake m'mutu ngakhale wofotokoza ali mmodzi. Zithunzi za m'timabukumo zinali za inki yakuda, zojambulidwa ndi anzawo ndi achinyamata osaphunzira luso, ndipo zina anachita kutengera m'makomiki a Marvel. Ndalama zolipira katswiri panalibe.

Umphawi umenewu unabala zinthu zimene zikadalipo mpaka lero. Zilombo zina zotchuka za seweroli, monga owlbear, bulette ndi rust monster, zinachokera ku tizidole tapulasitiki totchipa topangidwa ku Hong Kong timene Gygax ankagwiritsa ntchito patebulo. Buku la zilombo la Monster Manual la 1977 linali ndi chikuto cha David Sutherland chimene mphunzitsi wa zojambulajambula akanachibweza kuti akachikonzenso. Chaka chotsatira, David Trampier anajambula chikuto cha Players Handbook: fano lalikulu lofiira la chiwanda, mbala ziwiri zitakwera pamutu pake zikugwetsa mwala wamtengo wapatali wa m'diso lake, ena pansi akupukuta malupanga ndi kuwerenga mapu. Palibe ngwazi pachithunzicho. Ndi anthu wamba ali pantchito yoopsa ndi yonyansa, ndipo ambiri amene anakula nacho amati ndicho chinafotokoza seweroli bwino kuposa china chilichonse. Erol Otus nayenso ankajambula zilombo zopindikapindika za mitundu yowala ngati za m'maloto a munthu wodwala malungo.

Pa nthawi yomweyo, m'masitolo a mabuku munali kale mafumu awiri. Woyamba anali Frank Frazetta, amene kuyambira mu 1966 anajambula zikuto za mabuku a Conan, munthu wa m'nthano za Robert E. Howard. Anthu a Frazetta anali a minofu yotupa, ovala pang'ono, oima pamulu wa mitembo, mkazi ali chogona kumapazi. Utoto wake unali wakuda ndi wofiira, ndipo chilichonse pachithunzi chinkaoneka ngati chikuyenda. Mabukuwo anagulidwa kwambiri, ndipo ofalitsa ena anayamba kufuna zikuto zangati zake ngakhale nkhani ya m'katimo inali ina. Mbali inayo kunali dziko la J. R. R. Tolkien, la nkhalango, mapiri ndi anthu ovala mikanjo, limene abale awiri, Greg ndi Tim Hildebrandt, analijambula m'makalendala otchuka kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Mkangano wambiri umene unadza pambuyo ndi wa zidzukulu za mbali ziwirizi: thukuta ndi magazi uku, kukongola ndi chisoni cha zinthu zakale uko.

TSR italemera inalemba ntchito akatswiri a penti ya mafuta: Larry Elmore, Jeff Easley, Clyde Caldwell ndi Keith Parkinson. Bokosi lofiira la 1983, limene Elmore anajambulapo wankhondo atatipatsa msana akulimbana ndi chinjoka pamulu wa golide, linalowetsa ana ambiri m'seweroli. Mu 1984 kunabwera mabuku a Dragonlance, ndipo osewera anapatsidwa ngwazi zokhala ndi mayina ndi nkhope zokhazikika. Apa m'pamene chithunzi chinayamba kulamula. Zojambulazo zinali zokongola zedi, chipale chofewa chikuoneka kuzizira, chitsulo chikunyezimira, koma anthu ake anali aukhondo mopitirira, tsitsi lawo lopesedwa ngati la oimba a nthawi imeneyo. Panalinso chifukwa china chotsukira zinthu. Makolo ndi mipingo ina ku America inkanena kuti seweroli limaphunzitsa ana zausatana, ndipo pamene malamulo atsopano a seweroli anatuluka mu 1989, mawu otchula ziwanda ndi adyerekezi anachotsedwa. Zilombozo zinabweranso pambuyo pake ndi mayina ena opeka.

Ku Britain zinthu zinalowera kwina. Kampani ya Games Workshop, mwini wa Warhammer ya 1983 ndi Warhammer 40,000 ya 1987, inatsamira pa John Blanche, amene dziko lake linali la matope, zigaza, dzimbiri ndi nkhope zodwala, mosakanizamo nthabwala zowawa. Ngakhale ku TSR komweko ena anatopa ndi ukhondo: Brom anajambula chipululu chankhanza cha Dark Sun mu 1991, Tony DiTerlizzi n'kubweretsa anthu owonda a maonekedwe achilendo mu Planescape ya 1994.

Dziko la Japan linatenga malamulo a masewerowa koma nkhope linaika zake. Dragon Quest ya 1986 inajambulidwa ndi Akira Toriyama, mwini Dragon Ball, ndipo zilombo zake zinali zomwetulira, zoti mwana akhoza kuzikumbatira. Final Fantasy ya 1987 inali ndi zithunzi za Yoshitaka Amano, za mizere yopyapyala ndi ngwazi zoonda zovala nsalu zouluzika. Ogulitsa a ku America sanakhulupirire kuti anthu awo angazikonde, choncho Dragon Quest itafika kumeneko mu 1989 pa dzina la Dragon Warrior, bokosi lake analijambulanso mwachizungu. Mantha amenewa anakhalitsa. Mu 2010 sewero la Nier linatuluka m'mitundu iwiri: ku Japan kunali mtundu umene ngwazi yake ndi mnyamata wofuna kupulumutsa mlongo wake, pamene maiko a Azungu analandira mtundu wa bambo wamkulu wa minofu wofuna kupulumutsa mwana wake. Lero mwana wa ku Paris kapena ku Chicago amakula akuonera anime, makatuni a ku Japan, ndipo kusiyanitsa koteroko kukuoneka kwachikale.

Makompyuta atakula mphamvu, funso linasanduka loti sewero lioneke ngati dziko lenileni kapena ngati katuni. Nkhani ya masewero a Zelda a kampani ya Nintendo ikuonetsa bwino momwe mkanganowu umayendera. Mu 2000 Nintendo inaonetsa kafilimu kachidule ka Link, ngwazi ya masewerowa, ali wamkulu akumenyana ndi mdani wake mumdima. Chaka chotsatira inaonetsa sewero lenilenilo, The Wind Waker, ndipo Link anali kamwana ka maso aakulu m'dziko la mitundu yowala. Ambiri anakwiya, ankati kampaniyo yawayesa ana. Mu 2006 inawapatsa chimene ankafuna mu Twilight Princess, ya mitundu yoderako. Koma patapita zaka, The Wind Waker ndi imene imaoneka yosakalamba, chifukwa katuni siipikisana ndi maso a munthu, pamene chithunzi choyesa kufanana ndi zenizeni chimaoneka chachikale makina atsopano akangofika. Kampani ya Blizzard inadziwa zimenezi popanga World of Warcraft ya 2004, ya mapewa achitsulo aakulu kuposa mutu wa wovala, imene inkayenda ngakhale pa kompyuta yofooka. Koma itaonetsa Diablo III mu 2008, okonda Diablo anasainira chikalata chodandaula kuti mitundu yachuluka ndipo mdima wachepa. Opangawo anayankha mwachipongwe: m'sewerolo, limene linatuluka mu 2012, anabisamo malo a utawaleza, mitambo yomwetulira ndi zimbalangondo za zidole zoti wosewera azipha. Diablo IV ya 2023 inabwerera mumdima.

Patebulo napo zinthu zinasuntha. Wizards of the Coast inagula TSR mu 1997, Hasbro n'kugula Wizards mu 1999. Malamulo atsopano a sewero la Gygax lija, a 2000, anabwera ndi zojambula za Todd Lockwood ndi Sam Wood, za malamba ambiri, zingwe ndi minga yachitsulo, ndipo Wayne Reynolds, amene anajambula zikuto za Pathfinder ya 2009, anawonjezera katundu pathupi la ngwazi mpaka munthu kudabwa kuti ikuyenda bwanji. Mafilimu a Peter Jackson a The Lord of the Rings, a 2001 mpaka 2003, amene maonekedwe ake anachokera kwa Alan Lee ndi John Howe, anakhomerera nkhope za elf, orc ndi dwarf m'mitu ya anthu padziko lonse. Kuyambira pamenepo n'kovuta kuwerenga Tolkien osaona nkhope za ochita filimu. Ena anapandukira zonsezi n'kubwerera ku inki yakuda ya m'ma 1970 mwadala. Ndi gulu lotchedwa Old School Renaissance. Buku la ku Sweden la Mörk Borg la 2020, lachikasu ndi lakuda, losokonekera dala, linapambana mphotho chifukwa cha maonekedwe amene kale akanatchedwa kulephera.

Mikangano yolemera kwambiri si ya mitundu ya utoto koma ya matupi a anthu. Red Sonja wa m'makomiki a Marvel a m'ma 1970 ankapita kunkhondo atavala kabra ndi kabudula wa timaunyolo, ndipo chovala chimenecho chinasanduka chizindikiro cha vuto lonse: mwamuna waphimbidwa chitsulo kuyambira kumutu mpaka kuphazi, mkazi mimba ili pamtunda. Oteteza amati Conan nayenso savala. Yankho lake n'lakuti umaliseche wa Conan unajambulidwa kuti woona afune kukhala iye, pamene wa mkaziyo unajambulidwa kuti woona amusirire, ndipo atsikana ambiri anatsegula mabukuwo n'kuona kuti sanalembedwere iwo.

Za khungu ndi momwemonso. Ursula K. Le Guin analemba mu A Wizard of Earthsea ya 1968 kuti ngwazi yake, Ged, ndi wa khungu lofiirira, koma zikuto zambiri zinamujambula mzungu, ndipo filimu ya pa wailesi yakanema ya 2004 inachitanso chimodzimodzi, zimene mlembiyo anadzudzula poyera. Anafika pokhutira atagwira ntchito ndi Charles Vess pa buku la zithunzi limene linatuluka mu 2018, chaka chimene iye anamwalira. Charles R. Saunders analemba Imaro ya 1981, ya ngwazi yakuda m'dziko lotengera Africa, ndendende chifukwa chotopa ndi nthano zimene munthu wakuda amangokhala wodya anthu kapena kapolo. Mu Dungeons & Dragons, a drow, mtundu wa elf wa khungu lakuda, kwa zaka zambiri ankafotokozedwa kuti ndi oipa chibadwire. Mu 2020 Wizards inalengeza kuti isintha kafotokozedwe ka drow ndi orc, koma mu 2022 inapepesanso chifukwa cha hadozee a m'buku la Spelljammer, anthu onga anyani okhala ndi mbiri yaukapolo, amene chithunzi chawo china chinafanana ndi zithunzi zakale zonyoza anthu akuda ku America. Odandaula kuti ndale zalowa m'masewero amaiwala kuti zithunzi zakalezo nazonso zinali zosankha za anthu, osati mvula yogwa yokha.

Mkangano watsopano sukufunsa kuti chithunzi chioneke bwanji koma kuti wachijambula ndani. Mu Ogasiti 2023 owerenga anaona manja ndi mapazi osalongosoka m'buku la Wizards la Bigby Presents: Glory of the Giants, ndipo zinadziwika kuti wojambula mmodzi anagwiritsa ntchito makina a AI pomaliza zithunzi zake. Wizards inalamula kuti zithunzizo zijambulidwenso ndipo inaletsa ojambula ake kugwiritsa ntchito makinawo. Makina oterewa amaphunzira kuchokera ku zithunzi za ojambula amoyo ndi akufa, nthawi zambiri popanda chilolezo kapena malipiro, ndipo chimene amatulutsa ndi chosakaniza cha zonse zimene zinagulidwapo bwino: kuwala kwa golide, chitsulo chonyezimira, nkhope zosalala. Makampani ena, monga Paizo, mwini Pathfinder, analengezanso mu 2023 kuti salandira zithunzi za makina, ndipo ofalitsa ang'onoang'ono ambiri tsopano amalemba poyera pa mabuku awo kuti zonse za m'katimo zinajambulidwa ndi anthu.