Tenda ikalowa mumphika, phala limasanduka madzi

Ine ndinakula ndi kapu. Sindikunena kapu ya mpira ayi, koma ya pulasitiki yobiriwira yomwe ndinkaimangirira ku chikwama ndi kachingwe popita ku pulayimale. Kope ndinkatha kuiwala, pensulo ndinkabwereka kwa mnzanga, koma kapu ayi. Woiwala kapu tsikulo lamuipira.

Mayi anga ankagulitsa tomato ndi anyezi pa msika wa m'lokeshoni mwathu. Malonda akavuta dzulo lake, m'mawa kunalibe zoti tiyi. Amangoti, "Thamanga mwanawe, ukamwa konko." Ndiye phala la kusukulu lija linali kadzutsa, masiku ena nkhomaliro yomwe. Ambiri a inu amene mukuwerenga muli pabenchi mukudziwa zomwe ndikunena, chifukwa ana anu nawo amachoka ndi kapu m'mawa uno.

Tsono musamayese kuti njala ya mwana wa sukulu ndi ya kuno kokha. Ku England, dziko lomwe timaliona ngati la mwanaalirenji, kuli ana ochokera m'mabanja osauka omwe amadya nkhomaliro yaulere kusukulu, boma ndilo limalipira. Kusiyana kwake nkwakuti sukulu zambiri siziphika zokha. Zimapereka kontrakiti ku makampani ophika, ndipo makampaniwo ndi akuluakulu zedi.

Mu January 2021 sukulu za kumeneko zinatsekedwa kaamba ka Covid-19. Ana ali pakhomo, koma mimba sidziwa zoti sukulu yatsekedwa. Choncho mabanja ena ankalandira mapukusi a zakudya kuchokera ku makampani aja. Mayi wina atamasula lake anangoyala patebulo, kujambula, nkuika pa Twitter. Munali lofu imodzi ya buledi, chitini cha nyemba, timagawo ta tchizi, makaloti awiri, mbatata ya kachewere iwiri, nthochi ziwiri, maapozi atatu, tomato mmodzi, ndi tina tochepa. Iye ankadziwa kuti phukusilo likulowa m'malo mwa makuponi a £30 a masabata awiri. Atawerengera mitengo ya m'sitolo anapeza kuti zonsezo ndi za £5 ndi makobili pang'ono.

Kampani yake, Chartwells, yomwe ndi nthambi ya Compass Group, inayankha kuti phukusilo linali la masiku asanu, osati khumi, ndipo mtengo wake unali £10.50 kuphatikizapo kulongedza ndi kunyamula. Chabwino, titenge mawu awo omwewo. Ndiye kuti pafupifupi theka la ndalama ya mwana linathera panjira! Kampaniyo inapepesa. Nduna yaikulu ya nthawiyo, Boris Johnson, inavomera ku nyumba ya malamulo kuti zithunzi zija zinali zochititsa manyazi, ndipo pasanathe sabata makuponi a £15 pa sabata anabwerera. Yemwe anakuwa kwambiri anali Marcus Rashford, wosewera wa Manchester United panthawiyo, amene nayenso anakula ndi chakudya chaulere cha kusukulu. Mnyamatayu anali atagonjetsa kale boma mu June 2020 pomwe linkafuna kuimika makuponi nthawi ya holide. Munthu woti anagwirapo kapu saiwala.

Nditaona chithunzi chija pa foni ndinawaonetsa mayi. Anayang'ana kanthawi, kenaka nkuti, "Makaloti awiri? Ine kupereka mulu wotere pa msika angandigende."

Apa mpomwe pagona nkhani, abale anzanga a pa msika. Inu mumadziwa mayendedwe a katundu kuposa bwana wa mu ofesi. Tomato akachoka ku Lizulu kapena ku Bvumbwe, wamunda adyapo, wagalimoto adyapo, wopikulitsa adyapo, inu nkuonjezapo kanu. Palibe cholakwa, phindu si tchimo. Koma mukachepetsa mulu kapena kupinda ndowa kunsi, kasitomala sakangana nanu. Amangosuntha pa benchi ya mnzanu, mawa osabweranso. Ndiye chifukwa chake mumaika mbasela, mumasankha wabwino nkuika pamwamba, mumamwetulira ngakhale mutu ukuwawa.

Nanga mwana wa Sitandade 3 angasunthe kupita benchi iti? Mtengo wa tenda amakambirana anthu ena kutali, m'chipinda chotseka. Ukangosainidwa, kampani singakwezenso. Phindu lake lichokera kuti? Lichokera mumphika. Soya achepe, shuga achepe, madzi achuluke. Wolipira sadya nawo, wodya salipira, ndipo wodyayo ndi mwana woti akadandaula amauzidwa kuti athokoze poti ndi zaulere.

Ndisaname kuti akuba ali m'makampani mokha. Ndili Sitandade 5, phala la pasukulu pathu linayamba kusungunuka. Poyamba supuni inkaima yokha m'kapu, kenaka tinayamba kumangomwa ngati thobwa losefa. Ophika anali azimayi a m'dera lomwelo, odzipereka, osalandira kanthu, ndipo mayi anga tsiku lawo linali Lachitatu. Ankadzuka tambala woyamba, kukasonkha moto, kutakasa chimphika chija mpaka thukuta kamukamu, nkuthamangira ku msika dzuwa litakwera. Iwo ndi amene anazindikira kuti ufa womwe akupatsidwa wophika wachepa. Munthu wozolowera kuyeza ndi maso simungamunamize pa muyezo.

Anamema anzawo, napita kwa ahedi. "Aphunzitsi, tatsegulani sitolo tiwerenge matumba." Atawerenga, matumba anapezeka operewera. Wosunga kiyi anali bambo wina wa mukomiti, woti timapemphera naye tchalitchi chimodzi. Nkhani inakambidwa pansi pa mtengo, makolo ali mbwee. Bamboyo anatula pansi udindo, pa chitseko anaikapo maloko awiri, kiyi wina kwa ahedi, wina kwa azimayi. Sabata yotsatira supuni inaimanso.

Taonani kusiyana kwake. Wakuba wathu tinkadziwa pakhomo pake. Matumba anali oti munthu nkuwagwira ndi manja. Nkhani yonse inatha masiku asanu. Koma chikhala kuti phala linkabwera lophikaphika pagalimoto ya kampani ya ku tawuni ina, mayi akanawerenga chiyani? Akanagogoda chitseko cha yani?

Anzathu a ku South Africa analawa zimenezi. Mu April 2023, m'chigawo cha KwaZulu-Natal, akuluakulu a zamaphunziro anapereka ntchito yogula zakudya za sukulu zonse kwa kampani imodzi, pomwe kale inali m'manja mwa amalonda ang'onoang'ono ambirimbiri. Sukulu zitatsegulidwa, m'malo ambiri chakudya sichinafike, kwina chinafika chochepa, ana nkumabwerera kunyumba mimba ili pululu. Phokoso litakula, anabwerera ku njira yakale. Dzira lonse anaika mu dengu limodzi, dengulo nkudooka.

Kuno kwathu, chiyambireni sukulu yaulere mu 1994, makalasi anadzaza ndi ana ambiri obwera osadya. Bungwe la WFP linayamba kudyetsa ana m'sukulu mu 1999, ndipo Mary's Meals inayamba mu 2002 ndi ana pafupifupi 200 okha. Lero imadyetsa ana oposa 1 miliyoni m'dziko muno ndi likuni phala, lija la chimanga ndi soya. Mphamvu ya ntchitoyi yagona pa azimayi otakasa aja. M'maboma ena sukulu zimagula chimanga, nyemba, mtedza ndi ndiwo zamasamba kwa alimi a m'dera lomwelo, ndalama nkumazungulira pamudzi.

Koma thandizo la akunja si muyaya. Tsiku lina mphika wonsewu udzakhala pa mafuwa a boma lathu, ndipo tsiku limenelo kudzatulukira anthu a masuti, zikwama m'manja, akuti tipatseni tenda tikuchepetsereni ntchito. Ife a Malawi mawu oti tenda tikuwadziwa bwino kununkha kwake. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Sindikuti kampani isagaye ufa kapena isanyamule matumba. Ntchito zimenezo nzawo, achite. Changa nchakuti mphika, kiyi ndi muyezo zikhale m'manja mwa makolo. Matumba obwera azilembedwa pa bolodi panja pa ofesi ya ahedi, aliyense aziwerenga. Zogula zikakhalapo, ayambe afunsa mlimi ndi wamalonda wa pafupi, woti akabweretsa nyemba zofumbwa timupeza pa benchi yake mawa m'mawa.

Ndipo inu amayi ndi abambo a pa msika, tsiku lina musiyireni mnzanu benchi kwa ola limodzi. Pitani kusukulu nthawi ya phala, tengani kapu ya mwana wanu, imikani supuni pakati. Ikagwa, funsani.

Kapu yanga ija ilipobe. Mayi amayezera mchere.