Alowe Kaye, Kenako Abwerere Pomwe Amapita

Ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu a pa intaneti. Ndimakhala pa Kanyenda, m'mbali mwa msewu wa M5 kufupi ndi Dwangwa, ndipo makasitomala anga si mabanki a ku Lilongwe ayi. Ndi timagulu ta alimi a nzimbe amene amagulitsa ku fakitale ya Illovo, masukulu a pulaiveti, ndi ogula usipa kunyanja amene atopa ndi makope onyowa. Aliyense amafuna zake, koma pali kachigawo kamodzi kamene sikasowa m'pulogalamu iliyonse, ndipo palibe amene amakalipira padera poti sikaoneka: munthu akafuna kutsegula tsamba losayenera aliyense asanadziwike kuti ndi ndani, pulogalamu imubweze n'kumufikitsa pa tsamba lolowera kuti alembe dzina ndi pasiwedi.

Ambiri amaganiza kuti ukalowa, kompyuta ya kutsidyako, yomwe timati seva, imakudziwa mpaka utatuluka. Ayi ndithu, seva ndi yoiwala. Ukadina linki, foni yako imatumiza pempho latsopano, ndipo seva sikumbukira kuti ndiwe yemwe uja wapempha china posachedwa. Ndi mmene anakonzera HTTP, dongosolo lomwe browser ndi seva zimalankhulirana. Mu 1994 Lou Montulli wa kampani ya Netscape anabweretsa cookie, kachizindikiro komwe seva imakupatsa ukalemba pasiwedi yolondola, ndipo browser imakaonetsa pa pempho lililonse lotsatira. Zili ngati mlonda wa pachipata wosasunga nkhope, wongoyang'ana chiphaso: mupatsane moni m'mawa, masana ubwere wopanda chiphaso, akulozera ku ofesi basi.

Kulozerako ndiye redirect. M'malo motumiza tsamba lapemphedwalo, seva imayankha ndi nambala 302 pamodzi ndi adiresi ina, browser n'kuthamangira komweko yokha mwini foni asakudziwa. Ine ndimalemba ndi chida chotchedwa Django, ndipo kumeneko zimangofuna mzere umodzi, login_required, pamwamba pa tsamba. Anzanga a PHP ogwiritsa ntchito Laravel nawo ali ndi auth yawo yochita zomwezo. Wophunzira aliyense atha kuulemba mzerewo tsiku loyamba. Mmisiri timamuonera pa zimene zimamugwera munthu wabwezedwayo.

Tengani mlimi wa nzimbe. Mlembi wa gulu wamutumizira linki pa WhatsApp kuti aone matani amene wadula ndi ndalama zimene zatsala atachotsa za feteleza, odula ndi thiransipoti. Wadina, wafika polowera, walemba pasiwedi mofufuza zilembo. Pulogalamu yolembedwa mwaulesi imamuponya pa tsamba loyamba lodzaza mabatani, ndipo sitetimenti ija sakuionanso. Adina apa, adina apo, bandulo ikutha, mapeto ake akwera kabaza kupita ku ofesi kukafunsa pakamwa, chinthu chomwe pulogalamuyo inabwera kudzathetsa. Choncho pobweza munthu timamupatsira adiresi ya komwe amapita. Django imaimata kumapeto kwa linki ndi mawu akuti next, Laravel imaisunga pa seva, ndipo akangolowa amafikira pa sitetimenti yake.

Izo n'zopepuka. Chimene chimandidyera nthawi ndi mlembi amene ali pakati polemba.

Chizindikiro chija cha cookie chili ndi nthawi yake, ikakwana chimafa. PHP yosasinthidwa imaona kuti munthu wachoka akakhala masekondi 1440 osapempha kanthu, omwe ndi mphindi 24. Laravel imapereka mphindi 120, Django masabata awiri. Manambalawa anawaika anthu oganizira wa mu ofesi amene netiweki sikumuvuta. Kuno mlembi m'nyengo yodula nzimbe amatsegula fomu m'mawa, alemba mayina angapo, magetsi athima, apita kukatchaja foni pa sola ya mnzake, wina amuitana ku munda, abwerako dzuwa litapendeka n'kupitiriza. Pomaliza adina batani losunga. Seva iona kuti chizindikiro chinafa kalekale, iyankha 302, ndipo browser popita pa tsamba lolowera sinyamula zolembedwa zija. Next amasunga adiresi yokha. Munthu alowanso bwinobwino, apeza fomu ili mbee. Mlembi wotere mawa lake amabwerera ku kope, ndipo sindimuimba mlandu.

Pali china choipa kuposa ichi. Mapulogalamu ambiri masiku ano amatumiza zinthu mwakachetechete, tsamba osasuntha, pogwiritsa ntchito JavaScript. Pempho lotere likalandira 302 limatsatira lokha, likapeza tsamba lolowera, ndipo tsambalo limabwera ndi nambala 200, yotanthauza kuti zonse zili bwino. Ngati wolemba pulogalamu anangoyang'ana nambalayo, foni imaonetsa kuti zasungidwa pamene palibe chasungidwa. Zimadzaululika tsiku la malipiro, mlimi akupeza kuti ngolo yake ina sinalembedwe, ndipo wonenedwa kuti waba ndi mlembi. N'chifukwa chake mapempho a mtundu uwu sindiwabweza ndi 302. Ndimawayankha 401, kutanthauza kuti seva sikukudziwa, ndipo pulogalamu ikaona 401 imatsegula kabokosi kolowera pamwamba pa fomu yomweyo, munthu alembe pasiwedi, zinthu zitumizidwenso. Komanso chilichonse chimene mlembi walemba chimayamba chasungika m'foni momwemo mpaka seva itavomereza kuti yalandira. Zimenezi zimanditengera nthawi yambiri kuposa tsamba lolowera lenilenilo, koma popereka mtengo palibe amazifunsa.

Next yemweyo alinso ndi mano. Poti adiresi ili pa linki, aliyense atha kuisintha. Wakuba amatenga linki yeniyeni ya gulu, pa next n'kuikapo webusayiti yake, n'kuimwaza m'magulu a WhatsApp. Mlimi aona dzina la gulu lake kumayambiriro, akhulupirira, alowa pa tsamba loona, koma akangolowa pulogalamu imupereka yokha ku tsamba labodza lofanana nalo, lonena kuti pasiwedi yalakwika kapena lopempha PIN ya Airtel Money kapena Mpamba. Ife kuno tinazolowera kale mauthenga a anthu onamizira kuti atumiza ndalama molakwitsa, ndiye msampha wokhala ndi dzina lodziwika ndi woopsa kwambiri. Tsamba lolowera la Django limakana next wolozera kunja, koma ambiri amalemba lawo kuti lioneke bwino n'kuiwala chitetezocho. Lamulo langa n'lakuti next aloze m'nyumba momwemo, apo ayi munthu apite pa tsamba loyamba.

Kusadziwika n'kosiyananso ndi kusaloledwa. Mlimi amene walowa kale akayesa kutsegula tsamba la msungichuma, kumubweza polowera n'kumunamiza, adzayesa kuti pasiwedi yake yavuta. Choipa china, tsamba lolowera likaona kuti walowa kale limamubweza ku next, uko n'kumubwezanso, uku ndi uku mpaka Chrome itagonja pakatha maulendo 20 n'kulemba ERR_TOO_MANY_REDIRECTS. Woteroyo amafunika 403, kutanthauza kuti seva ikumudziwa koma sikumulola, ndi mawu omveka m'Chichewa oti tsamba ili ndi la akomiti.

Ndikalandira pulogalamu yolemba wina kuti ndiikonze, choyamba ndimatuluka, kenako n'kulemba pamanja maadiresi a masamba a m'kati. Kawirikawiri ena amatseguka. Wolembayo anabisa batani n'kuganiza kuti watseka, pamene seva ikupereka tsambalo kwa aliyense wodziwa adiresi. Zoiwalika kwambiri ndi mafayilo: masitetimenti a PDF ndi zithunzi za ziphaso za unzika zimene gulu linajambula polemba mamembala. Zimangokhala m'foda yotseguka, ndipo ngati mayina ake ndi manambala otsatana, wosintha 41 kukhala 42 waona za mnansi wake. Si kuno kokha. Pa mndandanda wa 2021 wa bungwe la OWASP wa ziopsezo khumi zazikulu za mapulogalamu a pa intaneti, kulephera kuletsa anthu kufika posayenera kunali pa nambala 1. Django 5.1, yomwe inatuluka mu Ogasiti 2024, inabweretsa njira yotseka masamba onse nthawi imodzi, iwe n'kumatsegula okhawo ofunika kukhala a aliyense. Ndimaikonda chifukwa ukaiwala, cholakwacho chimakhala tsamba lotsekedwa lomwe wina adandaula lero lomwe, osati lotseguka lomwe palibe angakuuze.

Mkangano waukulu sukhala ndi makina koma ndi akomiti. Tcheyamani wa gulu lina anandiuza maso ndi maso: "Achimwene, mapasiwediwa akutivutitsa. Tonse timadziwana kuno, chotsani." Ndinati, "Bambo, inu mumadziwana, koma linki ikatuluka m'gulu lanu la WhatsApp simudziwa komwe ikafike. Kodi mungalole kuti ndalama zanu za nzimbe ziwerengedwe pa msika?" Anaseka, koma dandaulo lawo linali loona. Achikulire ambiri amaiwala pasiwedi, ndipo kubwezedwa polowera tsiku lililonse kumawagwetsa ulesi. Kwinaku foni imodzi imagwira banja lonse, mwana amaitenga kukaonera mpira, ina imagona kotchajitsa. Nthawi yokhala wolowa ukaitalikitsa, wogwira foniyo aona zonse. Ukaifupikitsa, mwini wake aleka kugwiritsa ntchito. Tcheyamani uja ndinawakumbutsanso kuti kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu, Data Protection Act, lomwe MACRA ndiyo imaliyang'anira, ndipo gulu losunga mayina, manambala a foni ndi ziphaso za anthu lili ndi udindo wozisamala ngakhale likhale la m'mudzi.

Tinagwirizana zogawa pawiri. Mlimi, amene amangoona sitetimenti yake yokha ndipo sangasinthe kanthu, amakhala wolowa kwa mwezi wathunthu, ndipo pali batani lalikulu lotulukira pamwamba pa tsamba lililonse. Akatuluka, masambawo ndinawauza kuti asasungidwe m'foni, ndi lamulo la no-store, kuti wodina batani lobwerera m'mbuyo asaone ndalama za mwini wake koma afikire polowera. Mlembi ndi msungichuma, amene angathe kusintha matani ndi malipiro, nthawi yawo ndi yaifupi, ndipo akafuna kusintha nambala yolandirira ndalama ya membala amafunsidwanso pasiwedi ngakhale angolowa kumene. Msungichuma mpaka lero amang'ung'udza nazo, koma komiti inakana kuti ndimuchotsere.